Tiana ta Nkhumba Topanda Makutu

Nkhumba yathu yaikazi inaswera m'nkhalango ya mitengo ya thundu, kumtunda kwa mudzi, pansi pa thanthwe lina lokhala ndi kaphanga. Tiana tinali tisanu ndi tiwiri. Amuna anga, a Bachis, sanachedwe kutidula makutu monga amachitira aliyense kumapiri kuno ku Sardinya: khutu lamanzere kuling'amba ngati mchira wa namzeze, lamanja kulidula nsonga. Chizindikiro chimenecho anachitengera kwa bambo awo, ndipo woweta aliyense m'dera lathu ankachidziwa ngati mmene ankaidziwira nkhope ya a Bachis.

Tiana timeneto tinali ndi ntchito yake. Mwana wathu Itria anali atafunsiridwa ndi Gonario, mnyamata wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri, mwana wa a Bustianu ndi a Mallena. Anthu amenewa sitinkawadziwa kwenikweni. Amene ankayenda pakati pa mabanja awiriwa anali Tziu Tottoni (kwathu Tziu ndi kunena kuti malume), mkulu wina wogula ndi kugulitsa tchizi, wamimba yake, woseka ndi aliyense, yemwe ankazungulira midzi pa kagalimoto kotha utoto. Panalibe nyumba yomwe sanamwemo vinyo. Iyeyu ndi amene anakonza zoti ife tiyambe kukadya kwawo kwa mnyamata, kenako iwo adzabwere kwathu. Tiana ta nkhumba tija tinkadikira tsiku limenelo.

M'mawa wina a Bachis anakwera kuphiri n'kubwerako dzuwa lisanatenthe. Analowa m'khitchini osavula chipewa.

"Tapita," anatero.

"Tonse?"

"Tonse. Mayi wake akungozungulira thanthwe, mkaka uli chuchuchu."

"Mwina ndi nkhandwe."

"Nkhandwe yosataya ngakhale dontho la magazi? Nkhandwe yosesa mapazi ake ndi nthambi? Annesa, usandinyoze."

Kwathu kuno munthu wothamangira kupolisi chifukwa cha chiweto amasekedwa mpaka ndi ana. Chiweto chikabedwa umayenda kwa anzako, umamwa nawo, n'kumafunsa cham'mbali. A Bachis anayenda, anamwa, anafunsa. Aliyense ankangopukusa mutu. Tziu Tottoni atamva anagwira pachifuwa.

"Anthu alibe manyazi! Nthawi ngati ino? Siyirani ine, a Bachis. Ine ndimayenda, ndimva kanthu."

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, titatsegula mgolo wa vinyo wathu wa chaka chimenecho tinapeza atasasa. Kungonunkhiza chabe misozi inkalengeza. Tsono bambo wa mtsikana sapita kwa asewere ake chimanjamanja. Amanyamula vinyo wa m'munda mwake kuti anthu alawe adziwe nyumba yomwe akukwatiramo. A Bachis anakhala pafupi ndi mgolowo atagwira kutsaya. Apanso anatulukira Tziu Tottoni. Anabwera ndi chibotolo chachikulu cholukiridwa dengu, n'kuchiika kuseri kwa chitseko.

"Vinyo wa kanonau weniweni uyu, wakuda bii. Mukanene kuti ndi wanu. Ndani adzakutsutseni?"

"Wachokera kuti?" ndinafunsa ine.

"Mayi, njala ikapota safunsa mwini munda. Wachokera ku mphesa."

Anaseka, a Bachis nawo anaseka. Ine sindinaseke.

Lamulungu lomwe tinapangana litakwana tinakwera kagalimoto ka Tziu Tottoni, chibotolo chili pamiyendo pa a Bachis, ine ndi Itria kumbuyo titanyamula tchizi ndi uchi. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Fungo linatichingamira tisanalowe pachipata. Pabwalo la nyumba panali moto wa makala, ndipo a Bustianu, munthu wamtali wowuma ngati mtengo wa mphesa wokalamba, anali chiimire akutembenuza zitsulo zowotchera. M'dzanja lina anali ndi nthuli ya mafuta a nkhumba yoyaka moto, akudonthezera pakhungu la nyama kuti likhale lokhukhuta. Anatipatsa moni mwaulemu. A Mallena, mayi wamfupi wa maso ang'onoang'ono, anandipsompsona masaya onse awiri, kwinaku akuyang'ana nsapato zanga.

Thebulo analiyala panja pansi pa mtengo wa mkuyu. Panali maolivi, soseji youma, tchizi cha nkhosa, ndi mulu wa karasau, buledi wathu uja wopyapyala ngati pepala. Titakhala, Gonario anabwera atanyamula chikhungwa chachikulu cha mtengo chomwe timaikapo nyama. Anachiyala masamba onunkhira a mirito, ndipo pamwamba pake panagona tiana ta nkhumba titatu, tofiirira, tong'azima mafuta.

Ndinamva zala za a Bachis zikundifinya chigongono pansi pa thebulo. Ndinayang'ananso. Tiana tonse titatu tinalibe makutu. Anali atadulidwa patsinde penipeni, mpeni wake wakuthwa.

Aliyense amene anadyapo kamwana ka nkhumba kowotcha amadziwa kuti khutu ndiye ndiwo. Ana amalimbirana, ndipo mwini nyumba amalipereka kwa mlendo wolemekezeka. Palibe munthu wamutu wake amene amataya makutu asanawotche. Ndinayeza msinkhu wake ndi maso. Unali womwewo.

"Nkhumba zanu izi, a Bustianu?" anafunsa a Bachis, mawu ali pansipansi ngati akufunsa za mvula.

"Zanga."

"Zonenepa bwino. Mumadyetsa chiyani?"

"Chomwe nkhumba imadya."

"Kwanu kuno zimabadwa zopanda makutu?"

A Bustianu anapukuta mpeni pa buluku lawo. "Makutu amapsa msanga. Ndinachotsa."

"Ndiye zabwino, sizimva miseche!" anatero Tziu Tottoni akuseka mpaka mimba kugwedezeka. "Tiyeni titsegule vinyo wa a Bachis, kukhosi kwauma."

A Bustianu anathira m'matambula. Anakweza yawo, natifunira zaka zambiri ndi thanzi, ife n'kuvomera. Anamwa. Koma sanameze msanga. Vinyo anamusunga m'kamwa, maso ali pa chibotolo chija, kenako anatembenukira kwa akazi awo. A Mallena ananunkhiza tambula yawo n'kuiika pansi pang'onopang'ono.

"Wa m'munda mwanu uyu, a Bachis?" anafunsa a Bustianu.

"Wa m'munda mwanga."

"Munda wanu unayang'ana kuti?"

"Kum'mawa."

"Kum'mawa. Komatu akukoma ngati mphesa zowombedwa ndi dzuwa lamadzulo. Migolo yanu mumatsukira chiyani?"

"Madzi. Kwanu kuno mumatsukira mkaka?"

"Ine ndimawiritsa makoko a malalanje," anatero a Bustianu. "Ndinkayesa ndine ndekha."

Ndinkadziwa kuti vinyoyo si wathu, ndipo ndinaganiza kuti bamboyo wangozindikira kuti tikunama. Koma kayang'anidwe kake sikanali ka munthu amene wagwira wabodza. Kanali ka munthu amene akuwerengera kuti mnzakeyo ali ndi abale angati.

Nyama inadulidwa, inagawidwa. A Bachis anakankhira mbale yawo pambali n'kumangobenthula karasau ndi tchizi. A Bustianu anasiya tambula yawo ili yodzaza n'kutunga madzi. Kukana nyama ya munthu pakhomo pake ndi chipongwe, kukana vinyo wa mlendo ndi chipongwe chinanso, ndipo zonse ziwiri zinali pathebulo limodzi. Itria ankandiyang'ana mondifunsa. Gonario maso anali m'mbale, ndipo ndinaona kuti nthawi zonse a Bachis akakhosomola, mnyamatayo ankadzidzimuka. Chimenecho sindinachikonde. Yekhayo amene ankadya ndi mtima wonse anali Tziu Tottoni. Khungu linkalira khukhuru khukhuru m'kamwa mwake, mafuta akutsikira kuchibwano, akusimba za wansembe wina amene anagwera mu mgolo. Palibe anaseka.

A Mallena ananyamuka. "Ndikakazinge zotsekemera."

"Ndikuthandizeni," ndinatero.

"Ndinu mlendo, khalani."

"Mlendo wa tsiku limodzi. Mawa ndife amodzi."

Sanandikanize kachiwiri. M'khitchini anali atakonzeratu timikate tathu tija toika tchizi m'kati, tongodikira mafuta ndi uchi. Iwo anaika chiwaya pamoto, ine ndinaima pambali ndi mbale. Maso anga ankayendayenda: m'chitini cha zinyalala, pawindo, m'mbale ya galu. Ndinkafuna makutu. Nditatembenuka ndinapeza a Mallena akundiyang'ana.

"Mwataya kanthu, a Annesa?"

"Ayi. Khitchini yanu ndi yaukhondo."

"Amuna anu sakudya nyama."

"M'mimba mukuwavuta. Anunso sakumwa."

"Mutu."

Mafuta anayamba kulira. Anaponyamo kamkate koyamba, kakufufuma. Anakatembenuza. Ndinaganiza za mwana wanga ali panja paja pakati pa amuna awiri okhala ndi mipeni pathebulo, ndipo ndinaona kuti kukhala chete kutipweteketsa.

"Kwathu nkhumba ikulira usana ndi usiku," ndinatero. "Anaibera ana onse. Msinkhu wake ngati tija tili panjato."

Dzanja la a Mallena linaima m'malere. Sanandiyang'ane.

"Ife kumunda wa mphesa tili ndi kanyumba," anatero. "Mwezi wathawu tinapeza chitseko chathyoledwa. Anatenga zibotolo zitatu. Dengu la chimodzi ndinalikonza ndekha ndi chingwe chofiira pa chogwirira. Mukatuluka mukayang'ane chomwe mwabwera nachocho."

Sindinafunike kutuluka. Chingwe chofiiracho ndinachiona njira yonse chili pabondo la amuna anga.

"Ndiye mukuti a Bachis ndi wakuba?"

"Nanga inu mukuti a Bustianu ndi ndani? Mwalowa m'khitchini mwanga kudzafufuza ngati wapolisi."

Kamkate kanayamba kupserera. Anakavuula n'kuponyamo kena. Tinayang'anizana, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kuulula. Ndinayamba ine, poti a kuchikazi ndi amene amataya zambiri ukwati ukatha usanayambe.

"Vinyo wathu anasasa. Amuna anga anachita manyazi. Uyu anatipatsa ndi munthu."

"Munthu wake ndani?"

"Munene kaye za nkhumba."

A Mallena anapita kukatseka chitseko. Atabwerera ananong'ona.

"Mukakaulula izi mwatipha. Nkhumba zathu zinafa ndi chigodola, zonse. Tinakwirira mwakachetechete kuseri kwa khola. Aboma akamva adzapha nkhumba za mudzi wonse, ndipo anthu sadzatikhululukira mpaka adzukulu athu. Tsono alendo akubwera, tiwapatsa chiyani? Nkhuku? Munthu wina anati tisadandaule. Anabwera nato tophedwa kale, towaulidwa kale, makutu mulibe. Anati mwini wake sakufuna kudziwika chifukwa cha matendawa."

"Munthuyo ali ndi kagalimoto?"

"Kotha utoto."

Kunja kunamveka kuseka kwa Tziu Tottoni, akuseka nthabwala yake yomwe.

Komabe ndisaname, mtima wanga sunakhale pansi. Ndinkadzifunsa: a Bustianu, munthu woweta kuyambira ubwana, angalandire tiana topanda makutu osadziwa kuti n'tobedwa? Ndipo ndinaona m'maso mwa a Mallena funso lomwelo la ife ndi chibotolo chathu. Tonse tinali titalandira chinthu osafuna kudziwa.

Tinathira uchi pa timikate n'kutuluka. A Mallena poika mbale anawerama pakhutu la amuna awo. Ine ndinachita chimodzimodzi kwa anga: "Nkhumba anabweretsa ndi Tottoni. Vinyoyu ndi wa a Bustianu, anawabera." A Bachis sanagwedeze ngakhale chikope. Anangoyang'ana a Bustianu, a Bustianu n'kuwayang'ananso, nthawi yaitali ndithu. Kenako a Bustianu ananyamuka ndi mpando wawo n'kukakhala kumanja kwa Tziu Tottoni. A Bachis anasendera kumanzere kwake. A Mallena anapita kukakhoma chipata.

"Imwani, Tziu," anatero a Bustianu akumudzazira tambula. "Mwatigwirira ntchito yaikulu."

"Aa, n'zochepa. Ana akondane basi."

"Vinyoyu mukumuona bwanji?"

"Wabwino zedi. A Bachis ali ndi dzanja."

"Inenso ndikutero," anatero a Bachis. "Mpaka ndikudabwa kuti ndinamupanga liti. Idyani nyama, Tziu. Nayi nthiti. Pepani khutu palibe."

Tziu Tottoni anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako chipata. Kutafuna kunachepa. Anapukuta pakamwa.

"Kodi pali nkhani?"

"Nkhani ilipo," anatero a Bustianu. "Ine ndamwa vinyo wanga ngati mlendo m'nyumba mwanga. Awa ndawaikira nkhumba zawo pamaso, ndikuyembekeza kuti andithokoze. Pang'ono pokha tikanatulutsirana mipeni ana athu akuona. Tsono tiuzeni, mumafuna tiphane kuti mudye pamaliro?"

"Mayi Maria andichitire umboni! Ine ndine wamalonda. Chobwera ndimagula, wofuna ndimamupatsa. Anyamata ena anandiimitsa pamsewu wa ku Nuoro, ndinagula. Ndikanadziwa bwanji?"

"Anyamata ake ati?"

"Sindinafunse maina."

"Kawiri konse? Tsiku lina vinyo, tsiku lina nkhumba? Anyamata amenewo amakukondanitu."

"Ndipo munandilonjeza kuti mumva kanthu," anawonjezera a Bachis. "Mutagwira pachifuwa. Nthawi imeneyo tiana tanga tinali kuti, m'galimoto?"

Ndinkayesa agwada pansi. Koma munthu uja anali kathyali weniweni. Anatenga tambula, anamwa pang'ono, n'kutsamira kumpando. Kuseka konse kunachoka pankhope, ndipo ndinaona koyamba kuti maso ake anali ozizira.

"Chabwino. Tandiyang'anani, a Bachis. Mimba iyi, mawondo awa, angakwere kukafika kuthanthwe lanu lija? Ine ngakhale njira sindiidziwa. Kaphanga kaja akukadziwa ndani? Mufunse amene amakwera phiri lanu kukasuzumira atsikana."

Sanatchule dzina. Anangotembenuzira mutu kwa Gonario.

Mnyamata uja anaimirira, mpando n'kugwa. Milomo inali itayera.

"Bodza! Bambo, akunama!"

"Unafikako kuthanthweko?" anafunsa a Bachis.

Gonario anayang'ana Itria. Mwana wanga ndi amene anayankha, mutu uli m'mwamba.

"Ndinamutengera ine, bambo. Ndinkafuna aone tiana. Tinangoona n'kubwerako."

"Kumbali, inu awiri, m'nkhalango," ndinatero ine, koma palibe anandimva.

"Ndiye unauza ndani?" anafunsa a Bustianu kwa mwana wawo.

"Tziu anandifunsa ngati apongozi ali ndi ziweto zabwino. Ndinati ali ndi tiana tonenepa, pansi pa thanthwe lakumtunda kwa kasupe. Kunali kucheza chabe. Ndinkawatama!"

"Mwamva?" anatero Tziu Tottoni akutambasula manja. "Iye akuti kucheza. Ine sindinena zambiri, ndi mwana. Koma a Bustianu, musanandigwire malaya, kumbukirani kuti ine ndimadutsa pa ofesi ya adokotala a ziweto Lolemba lililonse. Amakonda kundifunsa za thanzi la nkhumba m'midzi. Mpaka lero ndimati zonse zili bwino."

Dzanja la a Bachis linali pampeni, ndipo ine ndinaligwira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tonse tinaona kuti mkhatewo ndi wa mudzi wonse. A Bustianu anapuma mozama. Kenako anatambasula dzanja, analanda tambula m'manja mwa Tziu Tottoni, n'kukhuthulira vinyo pansi pafupi ndi nsapato zake. Tambula anaivundikira pathebulo.

"Mallena, mutsegulire chipata munthuyu. M'nyumba muno wamwa komaliza."

Kwathu kuno kumenyedwa khofi n'kwabwinoko kusiyana ndi kuvundikiridwa tambula. Tziu Tottoni anadzuka, anatenga chipewa, ndipo ali pachipata anatembenuka.

"Ukwati wabwino," anatero. "Muzikhulupirirana."

Kagalimoto kanalira, kanapita. Tinatsala asanu ndi mmodzi, nyama itazizira, uchi utauma pa timikate. A Bustianu anadzithirira vinyo, anathiranso a Bachis.

"Ndimwe wanga tsopano," anatero. "Inunso idyani zanu."

A Bachis anamwa, koma nyama sanaikhudze. Anacheza pang'ono za mitengo ya tchizi ndi za mvula. Za tsiku la ukwati palibe anatchula. Gonario anati atiperekeze, a Bachis anati njira tikuidziwa. Potsanzikana a Mallena anandipatira kaphukusi m'manja: nyama yokulunga mu karasau wonyowetsa.

"Ndi yanu kale," ananong'ona. "Zija ndakuuzanizi zithere m'khitchini."

"Zathera momwemo."

Tinabwerera wapansi, njira yodutsa paphiri. Itria anali patsogolo, osatembenuka. Titafika pamwamba, pomwe midzi yonse iwiri imaonekera, a Bachis anakhala pamwala.

"Bweretsa kuno kaphukusiko. Njala indipha."

Anadya mwakachetechete, akunyambita zala. "Zipatso za thundu ndi mkaka wa mayi wake," anatero. "Nyama yanga sindingaiphonye." Kenako anaitana Itria.

"Mnyamata uja atandiona ndikuyang'ana nkhumba zija, bwanji ankanjenjemera?"

"Ankakuopani, bambo. Munalowa ndi nkhope ngati mwabwera kudzalanda nyumba."

"Kapena ankadziwa."

"Sankadziwa!"

"Anaziona zamoyo kuthanthwe. Anazinyamula zowotcha pachikhungwa. Mwana wa woweta. Osazindikira?"

"Inu munanyamula vinyo wa eni ake pamiyendo kuchokera kwathu mpaka pakhomo pawo. Munazindikira?"

Ndinkayesa amumenya. Koma anangomuyang'ana, n'kupitiriza kutafuna.

"Wakuba ndi Tottoni," ndinatero. "Mwamuona nokha."

"Tottoni ndi wakuba, inde. Koma pa mawondo paja sananame. Alipo amene anakwera."

Amene anakwera sitinamudziwe. Tiana tina tinayi sitinationenso. Tziu Tottoni anapitiriza malonda ake kumidzi yakuchigwa, koma kwathu ndi kwa a Bustianu zitseko zinayamba kutsekeka chimodzichimodzi, pakuti nkhani ya tambula yovundikira inayenda yokha ngakhale chifukwa chake sitinauze munthu. Patapita nthawi tinamva kuti anawoloka nyanja kukakhala kwa mwana wake wamkazi. Kwa adokotala a ziweto sanakanene kanthu.

Ukwati a Bachis sanaukane, koma sanauvomerenso. Anatumiza mawu kwa a Bustianu kuti mnyamatayo abwere adzawathandize nkhosa nyengo yonse yozizira, amuone. A Bustianu anakwiya, anati mwana wawo si wantchito wa munthu. Gonario anabwera yekha, atanyamula chikwama ndi chikhoti cha bambo ake. A Bachis anamuyesa m'njira zonse zomwe ankazidziwa. Ankasiya chipinda cha tchizi chosakhoma. Ankamuuza zinsinsi zabodza, zoti nkhosa yakuti ili pakuti, n'kumadikira kuti amve ngati zituluka. Ankamufunsa nkhani ya kuthanthwe ija lero, n'kudzamufunsanso mwezi wina kuti aone ngati isintha. Siinasinthe. Itria anakhala osalankhula ndi bambo ake mpaka Khirisimasi.

Chakumapeto kwa nyengoyo kunagwa chipale chochuluka, ndipo a Bachis anaterereka pamiyala n'kuthyoka mwendo ali kutali ndi khola. Gonario anawabereka kumsana kutsika nawo phiri lonse. Anafika pakhomo milomo itachita bii, mapazi osawamva. Ndikuwamanga mwendo, amuna anga anandikokera pafupi.

"Njira yachidule ija yotsikira kukasupe," ananong'ona, "akuidziwa bwino kwambiri."

"Mulungu akukhululukireni," ndinatero. "Akanakusiyani komweko."

Anakwatirana titatha kukolola mphesa. Vinyo anali wa a Bustianu, nyama inali yathu, ndipo aliyense anabwera ndi chake m'manja mwake. Gonario anakhala mkamwini wathu zaka zambiri. Ndi iye anamanga khola latsopano, ndi iye ankawayendetsa a Bachis kuchipatala atakalamba, ndipo mwana wawo woyamba anamutcha dzina la agogo akewo. Ine ndinamukonda ngati wobala ndekha, ngakhale sindinganene kuti funso lija silinandibwererepo ndikamamuona akuseka.

A Bachis ali pafupi kutisiya, wansembe anabwera kudzawaona. Pocheza anawauza kuti ali ndi mwayi, akamwini otere ndi osowa. Gonario anali pomwepo, akuwakonzera pilo.

A Bachis anatsegula diso limodzi.

"Ee," anatero. "Sindinamugwirebe."